Funsani Mlangizi: Mankhwala a M'khola la Nkhuku ndi Moyo wa Munthu

Makalata ambiri amene ndalandira m'miyezi iwiri yapitayi akukhudza nkhani imodzi, ya mankhwala amene timathira m'madzi a nkhuku. Ndasankhapo asanu ndipo ndawafupikitsa kuti malo akwane. Mankhwala amene tikunena pano ndi maantibayotiki, omwe ntchito yawo ndi kupha mabakiteriya kapena kuwaletsa kuswana.

FUNSO: Ndimaweta nkhuku za nyama 300 ulendo uliwonse, ndipo mpamba wake ndinakongola ku banki m'khonde. Kumene ndimagula anapiye anandiuza kuti ndizithira ufa wachikasu m'madzi kuyambira tsiku loyamba mpaka lachisanu, ndiponso nthawi iliyonse nyengo ikasintha, ngakhale nkhuku zisakudwala. Mwana wanga amene akuphunzira unamwino akuti ndikuononga mankhwala a anthu. Kodi nkhuku yanga ikukhudzana bwanji ndi munthu wogonekedwa m'chipatala? Ndine mayi wa ku Lunzu.

YANKHO: Mayi, mwana wanuyo akunena zoona, ngakhale kuti ine sindikukuonani ngati wolakwa, pakuti munangotsatira malangizo a munthu amene munamukhulupirira, ndipo aliyense amene anasungapo anapiye ogulidwa ndi ndalama ya ngongole amadziwa mmene mtima umagundira akaona kamodzi katagwetsa mapiko pakona. Tengani paketi ya ufawo muwerenge timalemba tating'ono ta kumbuyo kwake. Kawirikawiri mupezapo dzina lakuti oxytetracycline, nthawi zina pamodzi ndi erythromycin, neomycin, streptomycin kapena colistin, zonsezi zitasakanizidwa ndi mavitamini, moti alimi ambiri amagula poganiza kuti agula mavitamini okha. Mayina amenewa si a mankhwala a nkhuku zokha. Ndi a mitundu yomweyo ya mankhwala imene madokotala amadalira pochiza anthu.

M'matumbo a nkhuku iliyonse, ngakhale yathanzi, mumakhala mabakiteriya miyandamiyanda. Mukathira mankhwala m'madzi, ofooka amafa, koma pachikhamu chotere sipalephera kupezeka ochepa amene mwachibadwa mankhwalawo sawagwira. Amenewa amatsala okha, opanda wolimbirana naye chakudya, ndipo popeza bakiteriya wotchedwa E. coli amatha kugawikana pawiri m'mphindi 20 zokha zinthu zikamukomera, pakutha pa masiku ochepa matumbo onse amakhala atadzaza ndi mbadwa za opulumuka aja. Chodetsa nkhawa kwambiri n'chakuti mabakiteriya amapatsirana tizidutswa ta chibadwa chawo, ngakhale akhale a mitundu yosiyana, kotero kuti bakiteriya wosavulaza wa m'zitosi angathe kupatsa luso losamva mankhwala kwa mnzake woyambitsa matenda a m'chikhodzodzo kapena a m'magazi mwa munthu. Ichi ndi chimene anthu amati tizilombo tapima. Akuluakulu akukumbukira mmene chloroquine anathera mphamvu pa malungo mpaka dziko lathu linamusiya mu 1993 n'kuyamba Fansidar, amenenso analowedwa m'malo ndi LA mu 2007. Kachilombo ka malungo si bakiteriya, koma njira yake ndi yomweyo.

Zakuti zimenezi zimachoka m'khola kufika kwa munthu zinaonetsedwa poyera mu 1976 ndi dokotala wa ku America, Stuart Levy. Iye anapereka chakudya chosakaniza ndi oxytetracycline pang'ono kwa nkhuku za pafamu ina pafupi ndi Boston, nayamba kuyeza zitosi zake komanso chimbudzi cha anthu a pabanjapo. Pasanathe sabata imodzi, pafupifupi mabakiteriya onse a m'matumbo a nkhukuzo anali osamva mankhwalawo. Patapita miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi, mabakiteriya osamva mankhwala anachuluka m'matumbo a eni famuyo kuposa mwa anansi awo, pamene anthuwo sanamwe mankhwala alionse. Chimene iwo ankachita ndi kudyetsa nkhuku, kusesa m'khola ndi kupuma fumbi lake, monga mmene inu mumachitira m'mawa uliwonse.

Ndinalowapo m'khola lina kuseri kwa nyumba ya m'tauni, limene sindiliiwala. Madzi a m'zomwera anali achikasu ngati sobo, utuchi unali wonyowa mpaka kumamatira kunsi kwa nsapato, ndipo fungo la zitosi linkalasa m'maso chifukwa mawindo onse anatsekedwa ndi masaka poopa mphepo. Nkhuku zinkalira m'mphuno, ndipo mwini wake anali atasintha kale mankhwala katatu. Kunja, mtsikana wa zaka ngati khumi ankatsuka zomwerazo m'beseni limene madzulo amatsukiramo mbale, ndipo pambali pa mpanda panali matumba a zitosi odikira mlimi wa kudimba amene amathira pa mpiru ndi repu. Nkhuku zija sizinkasowa mankhwala achinayi. Zinkasowa mpweya ndi utuchi wouma. Koma taonani njira zimene mabakiteriya anali nazo pakhomo limodzi lokha: manja a mwana, beseni la mbale, ndiwo zamasamba, ndiponso madzi a mvula otsetsereka kupita kuchitsime.

Kumapeto a njira zimenezi kuli wodwala amene mwafunsa uja. Ofufuza a bungwe lofufuza za umoyo la Malawi-Liverpool-Wellcome anasanthula zotsatira za magazi a odwala a pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre kuyambira 1998 mpaka 2016. Anapeza kuti mu 2003, pa E. coli 100 aliyense wopezeka m'magazi, wosamva mankhwala a gulu la ceftriaxone sankakwana ndi mmodzi yemwe, koma pofika 2016 anali 30. Kwa bakiteriya wina wotchedwa Klebsiella, amene amavutitsa kwambiri makanda ongobadwa kumene, chiwerengero chinachoka pa 12 kufika pa 90. Ceftriaxone ndiye jakisoni amene zipatala zathu zimathamangira munthu akabwera ali kayakaya, ndipo akakanika, mankhwala otsatira ndi odula komanso sapezeka paliponse. Padziko lonse, kafukufuku wofalitsidwa m'magazini ya The Lancet mu 2022 anawerengera kuti mu 2019 anthu 1.27 miliyoni anamwalira chifukwa cha mabakiteriya osamva mankhwala, ndipo chigawo chimene imfazi zinali zochuluka poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu chinali kuno ku Africa. Ndinene mosabisa kuti mlandu wonsewu si wa nkhuku. Gawo lalikulu limachokera ku mmene anthufe timamwera mankhwala, ku kuthithikana m'zipatala ndi ku kusowa kwa madzi abwino ndi zimbudzi. Khola ndi kamtsinje kamodzi mwa timitsinje tothira mumtsinje umenewu, koma ndi kamene inu mayi muli ndi mphamvu yokatseka.

Mayina awiri ndikupemphani kuti muwaloweze pamtima. Loyamba ndi enrofloxacin, m'bale wake wa ciprofloxacin amene anthu amamwa pa matenda aakulu otsegula m'mimba ndi a m'chikhodzodzo. Dziko la America linaletsa mankhwalawa pa nkhuku mu 2005 litaona kuti bakiteriya wa Campylobacter, amene anthu amamutenga ku nyama ya nkhuku, wayamba kusamva ciprofloxacin. Lachiwiri ndi colistin, mankhwala akale amene madokotala amawasungira wodwala amene zina zonse zamukanika. Mu 2015 asayansi a ku China analengeza kuti apeza kachidutswa ka chibadwa kotchedwa mcr-1 m'mabakiteriya a m'nkhumba, a m'nyama ya pamsika ndi a odwala, kamene kamachititsa colistin kukhala wopanda ntchito, ndipo posakhalitsa kanapezekanso m'maiko ambiri. China inaletsa kuthira colistin m'zakudya zokulitsira ziweto mu 2017. Zimandipweteka mtima kuona dzina limeneli pa paketi yothira m'madzi a anapiye amene sakudwala.

Tsono anapiye anu muwateteza ndi chiyani? Ambiri amene amafa sabata yoyamba amafa ndi kuzizidwa, ludzu, utuchi wonyowa kapena kufooka kochokera kumene anaswedwa. Yatsani mbaula anapiye asanafike kuti pamalo pawo pafunde madigiri 32 kapena 33, ndipo muzichepetsa kutenthako pang'onopang'ono sabata iliyonse. Anapiye okha adzakuuzani: akaunjikana pambaula ndiye kuti azizidwa, akathawira m'mbali atayasama ndiye kuti atenthedwa. Nkhuku zikakula zisapitirire khumi pa malo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi. Tsukani zomwera tsiku ndi tsiku m'chiwiya chakechake, ikani madzi a mankhwala opondamo pakhomo la khola, musalole ogula kulowa m'kati, perekani katemera wa chitopa ndi gumboro pa masiku ake, ndipo mukagulitsa zonse mutsuke khola n'kulisiya lopanda kanthu masabata awiri. Zitosi muziunjike ziwolerane ndi kutentha kwa masabata angapo musanazipereke kudimba, chifukwa gawo lalikulu la mankhwala amene nkhuku yamwa limatuluka m'zitosi likadali ndi mphamvu. Alimi a ku Netherlands, amene amagulitsa nyama ndi mazira kumaiko ambiri, anachepetsa maantibayotiki a ziweto ndi theka loposa m'zaka zochepa kuchokera mu 2009, ndipo ulimi wawo sunagwe.

FUNSO: Chaka chilichonse nyengo yotentha ikafika, chitopa chimasesa nkhuku zathu zachikuda. Ine ndimatsegula makapusolo a amoxicillin kapena kuphwanya Bactrim wotsala m'nyumba n'kuthira m'madzi, ndipo zina zimapulumuka. Kodi ndikulakwa? Ndine bambo wa ku Ntchisi.

YANKHO: Bambo, nkhuku zimene zinapulumukazo zikanapulumuka ngakhale mukanazipatsa madzi okha. Chitopa chimayamba ndi vailasi, osati bakiteriya, ndipo palibe antibayotiki, wa anthu kapena wa ziweto, amene amapha vailasi. N'chimodzimodzi ndi gumboro komanso nthomba ya nkhuku. Mliri uliwonse umasiyako zingapo zimene thupi lake lalimbana nawo lokha, ndipo popeza munathira kapusolo dzulo lake, n'zachibadwa kuganiza kuti kapusoloyo ndiye wagwira ntchito. Chimene wachita kwenikweni ndi kuzolowetsa mabakiteriya a m'matumbo a nkhuku zimene zimayenda pabwalo pamene adzukulu anu amakwawa.

Pa Bactrim ndilankhula motsindika. Mankhwala amenewa ndi amene anthu ambiri amene ali ndi HIV amamwa tsiku lililonse kuti atetezeke ku chibayo ndi matenda ena. Mbulu uliwonse wopita kwa nkhuku wachotsedwa pa mlingo wa munthu. Komanso mankhwala otsala m'nyumba ndi chizindikiro chakuti wina sanamwe monga anamuuzira kuchipatala. Alexander Fleming, amene anatulukira penicillin mu 1928, anachenjeza polandira mphoto ya Nobel mu 1945 kuti munthu womwa mankhwala osakwanira sadzapha tizilombo koma adzatiphunzitsa kupirira.

Chitopa chili ndi katemera, ndipo wina amapangidwa konkuno ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe. Dzina lake ndi I-2, amapirira kutentha kuposa akatemera ena, ndipo amaperekedwa podonthezera dontho limodzi m'diso la nkhuku iliyonse, kuyambira kamwanapiye mpaka tambala, kamodzi pa miyezi inayi iliyonse. Aperekedwe nkhuku zisanayambe kudwala, pakuti katemera sachiza. Gwirizanani ndi anzanu a m'mudzi, mufunse mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu, ndipo mutemere tsiku limodzi, chifukwa botolo limodzi limakwanira nkhuku za mabanja angapo ndipo likatsegulidwa silikhalitsa. Nkhuku zakufa muzikwirire mozama kapena kuziotcha, osazigulitsa kapena kupatsa agalu.

FUNSO: Ndimagula nkhuku zosenda kale ndi mazira pamsika. Kodi ndikaphika bwinobwino mankhwala amene nkhuku inamwa amatha? Ndingadziwe bwanji nkhuku imene ili ndi mankhwala? Ndine mayi wa ku Area 25, Lilongwe.

YANKHO: Pali zinthu ziwiri zimene anthu amazisokoneza, mayi, ndipo moto umachita mosiyana pa chilichonse. Choyamba ndi zotsalira za mankhwala m'nyama, makamaka m'chiwindi, m'impso ndi m'mazira. Kuphika kumachepetsako zina koma sikungadaliridwe kuti kuzithetsa zonse, ndipo simungazizindikire ndi maso, mphuno kapena lilime. Kwa anthu ambiri zotsalira zochepa sizidwalitsa nthawi yomweyo, koma munthu amene thupi lake limadana ndi penicillin kapena mankhwala a gulu la sulfa angathe kutuluka zidzolo kapena kutupa. Alipo mankhwala ena, monga chloramphenicol ndi furazolidone, amene maiko a ku Ulaya ndi America analetseratu pa ziweto zodyedwa, woyambayo chifukwa mwa anthu ena amaononga mafuta a m'mafupa amene amapanga magazi.

Chachiwiri, chimene ine ndimachiopa kwambiri, ndi mabakiteriya amoyo okhala pakhungu ndi m'matumbo a nkhuku yaiwisi, monga Salmonella ndi Campylobacter. Amenewa moto umawapha ndithu, malinga nyamayo yapsa mpaka pafupa, popanda kufiira kulikonse. Vuto limakhala pa zimene zimachitika nkhuku isanalowe mumphika. Mpeni umene mwadulira nthutumba ndi umene umakadulanso tomato ndi kabichi wodya wosaphika, ndipo madzi otsukira nyama amathovukira pa mbale ndi makapu. Dulani zamasamba poyamba, nyama pambuyo, sambani m'manja ndi sopo mukagwira nkhuku yaiwisi kapena zikhungwa za mazira zokhala ndi zitosi, ndipo ana aang'ono ndi amayi oyembekezera asadye dzira losapsa. Ngati mungathe, khalani ndi mlimi mmodzi amene mumagulako, ndipo mumufunse kuti nkhuku zake zinamwa mankhwala komaliza liti. Ogula akamafunsa funso limeneli pafupipafupi, alimi amayamba kusunga masiku.

FUNSO: Kodi n'zoona kuti nkhuku zachizungu zimabayidwa jakisoni kuti zikule m'masabata asanu ndi limodzi? Ndine mnyamata wa ku Mzuzu.

YANKHO: Si zoona. Kukula msangaku kunachokera ku kusankha mbewu kwa zaka zambiri komanso ku chakudya chopimidwa bwino. Ofufuza a pa University of Alberta ku Canada anaweta limodzi mitundu ya nkhuku ya mu 1957, 1978 ndi 2005 pa chakudya chofanana. Pa masiku 56, ya mu 1957 inkalemera magalamu 905 pamene ya mu 2005 inaposa makilogalamu anayi. Komabe mphekeserayi ili ndi muzu wake. Cha m'ma 1950 asayansi a ku America anapeza kuti antibayotiki pang'ono m'chakudya amakulitsako anapiye msanga, ndipo mchitidwewu unafalikira dziko lonse. Sweden inauletsa mu 1986, maiko a European Union mu 2006, ndipo mu 2017 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalangiza kuti maantibayotiki ofunika kwa anthu asamaperekedwe kwa ziweto zathanzi pofuna kuzikulitsa kapena kungoteteza matenda amene sanaoneke.

FUNSO: Ndili ndi nkhuku zoikira 500. Zikadwala n'kumwa mankhwala, pa paketi amalemba kuti mazira asadyedwe kwa masiku angapo. Ndikataya mazira a sabata yathunthu, chakudya cha nkhuku ndigula ndi chiyani? Kapena mukufuna tizingoziyang'ana zikufa? Ndine bambo wa ku Bvumbwe.

YANKHO: Ayi bambo, nkhuku yodwala matenda a mabakiteriya iyenera kuchizidwa, ndipo kuisiya ikuvutika ndi nkhanza komanso kutaya chuma. Chimene ndikukana ndi kuthira mankhwala mwachizolowezi ndi mongolota. Funso lanu ndi lolemera kuposa onse amene ndalandira, chifukwa mazira a nkhuku 500 kwa sabata ndi mathireyi oposa 80 ngati zikuikira bwino, ndipo palibe amene adzakubwezereni ndalama imeneyo. Sindikupeputsa zimenezi. Koma masiku olembedwa pa paketi, pansi pa mawu achingerezi akuti withdrawal period, ndi nthawi imene thupi la nkhuku limafuna kuti litulutse mankhwala, ndipo dzira limene laikiridwa lero linayamba kupangika m'mimba mwa nkhuku masiku oposa sabata apitawo, n'chifukwa chake yolki imasunga mankhwala nthawi yaitali. Mazira a masiku amenewo amakathera m'phala la mwana ndi m'chakudya cha wodwala amene achibale amugulira kuti apeze mphamvu.

Njira yochepetsera kutayako imayambira pa kudziwa chimene chikudwalitsa nkhuku. Itanani mlangizi wa ziweto kapena tengerani nkhuku imene yangofa kumene kwa dokotala wa ziweto kuti aing'ambe aone m'kati. Nkhuku zonyera magazi kawirikawiri zimakhala ndi matenda a m'matumbo otchedwa kokisidiyosisi, amene ali ndi mankhwala akeake. Zochepetsa kuikira nthawi zambiri zimavutika ndi kutentha, njoka za m'mimba, nthata, utitiri kapena chakudya chosakwanira, ndipo pa zonsezi antibayotiki ndi kutaya ndalama chabe. Ngati zodwala ndi zochepa, zipatuleni m'chipinda china n'kuchiza zokhazo, kuti mazira otayika akhale a nkhuku 20 m'malo mwa 500. Ngati khola lonse lifunika mankhwala, muuzeni dokotalayo kuti nkhukuzo zikuikira, popeza alipo mankhwala amene masiku ake odikira pa mazira ndi ochepa, pamene ena saloledwa n'komwe kwa nkhuku zoikira.

Mukayamba kupereka, yezani ufa ndi madzi monga mwauzidwira, osachepetsa pofuna kuti paketi ikhalitse, ndipo sungunulani atsopano tsiku lililonse chifukwa mankhwala ogona m'madzi padzuwa amatha mphamvu. Gulani m'sitolo yovomerezeka, mankhwala a m'paketi yake yotsekedwa yokhala ndi dzina ndi tsiku lothera ntchito, osati ufa wopimidwa m'kapepala kopanda dzina, ndipo mukakayikira mankhwala ena mungathe kudziwitsa bungwe loyang'anira mankhwala la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Pomaliza, khomani kope pakhoma la khola, muzilembamo dzina la mankhwala, tsiku loyamba, tsiku lomaliza ndi tsiku limene mazira ayambirenso kugulitsidwa. Mukadzaliwerenga pakutha pa chaka mudzaona miyezi imene matenda amabwerezabwereza, ndipo ngati ndi miyezi ya mvula, yambani mwayang'ana denga ndi utuchi musanapite kusitolo.